Nyanja Yopanda Bwato

Pempho la Agogo linali lalifupi, ndipo linatipeza pa foni Lachisanu lina anthu atangotuluka mu Swala ya Jumu'a. "Kumene mukukhalako ine sindidzapondako," anatero. "Mundibweretsere dzikolo papepala, ndidzalione maso asanazime." Sanali kudandaula. Analankhula ngati munthu wotuma mwana kukagula mchere, kenaka n'kufunsa ngati adzukulu akuwerengabe Qur'an madzulo.

Agogo, monga momwe tonse pakhomo pano timawatchulira, ndiwo anatibereka, ndipo ali ku Nkhotakota kumene kuli mchombo wathu. Ife ntchito ya uphunzitsi inatiponya ku Thekerani, kummwera kwenikweni kwa boma la Thyolo, kumene mapiri amathera n'kuyamba kutsetserekera kuchigwa cha Shire. Matenda a shuga akhala akuwadya maso kwa zaka zingapo. Lero akayang'ana nyanja amaona kuwala ndi mdima, mizere ikuluikulu yokha, koma munthu amamuzindikira ndi mawu. Sukulu zinali kudzatsekera kumapeto kwa Julaye, kotero tinali ndi miyezi iwiri yopezera chithunzi chimodzi.

Wina angaseke kuti miyezi iwiri yonse n'kufunira chithunzi chimodzi, masiku ano pamene foni imatola zithunzi makumi awiri munthu asanameze malovu. Ifenso tinaganiza chomwecho. Loweruka loyamba la Juni tinakwera njinga zamoto kulowera ku Makwasa, pakuti aliyense akamva za Thyolo amaganiza za tiyi, ndipo tinati Agogo aone tiyi amene akhala akumwa moyo wawo wonse ali pamtengo. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Maso athu anaona zitunda zobiriwira zokwerana ngati mafunde, koma foni inatibwezera chinsalu chimodzi chobiriwira mofanana, chopanda pokwera kapena potsika, kumwamba kuli mbuu ngati ufa. Dzuwa la masana limagwa kuchokera pamwamba ndipo limabisa mthunzi pansi pa chinthu chilichonse. Pomwe palibe mthunzi, diso la kamera silisiyanitsa chitunda ndi chigwa. Munthu wa maso abwino akanatha kuganizira zotsalazo. Agogo akanaona khoma lopakidwa penti.

Tsiku lomwelo tinaphunzira chinthu china chimene sitinapite kukachifuna. Mayi ena anali kutuluka m'munda, dengu lili kumsana, ndipo tinawalozetsa foni pofuna kuti chithunzi chikhale ndi munthu. Anaima, n'kutiyang'ana. "Bambo, jambulani masambawo, ine mundisiye," anatero mosakweza mawu. "Tili pa makalendala ambiri ife, koma palibe amene anabwerapo kudzationetsa." Tinatsitsa foni ndi manyazi, ndipo manyaziwo anali otiyenera. Tonse tikudziwa kuti ma ulama amasiyana maganizo pa zithunzi za zamoyo: ena amaletsa, ena amaloleza za kamera pakakhala chifukwa. Pa mitengo, mapiri ndi madzi palibe mkangano, ndipo m'mabuku a Hadith muli nkhani ya Ibn Abbas (Allah asangalale naye) amene analangiza munthu wodyera luso lojambula kuti azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Koma ngakhale mwa iwo amene amaloleza, sitinamvepo mmodzi akunena kuti ujambule mayi a eni usanapemphe.

Pobwerera tinakambirana kuti tiyiyo si kwathu n'komwe. Minda ikuluikuluyo inatengedwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo Alomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anagwiramo ntchito ya thangata. Adzukulu awo ndiwo anansi athu. Amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa pamitsetse imene mbuzi yomwe imayamba yaganiza isanatsike, ndipo nthochi zimene zinatchukitsa dera lino zinapululuka ndi matenda a chisaka. Apa ndi apo m'mapiri mukuonekabe zipsera za nthaka imene inagumuka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Uko ndiye kumene timakhala, ndipo Agogo sanapemphe kalendala.

Amene anapeza malo ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 14, amene pankhani ya foni ndiye mphunzitsi wa tonse m'nyumba. Kum'mawa kwa nyumba yathu kuli chitunda chimene munthu amayenda theka la ola kuti akafike pamwamba pake. Ukaima pamenepo dziko limatseguka: pansi chigwa cha mtsinje wa Ruo, umene ndi malire athu ndi Mozambique, kutsidya mapiri a dziko la eni, ndipo kumanzere, patali, phiri la Mulanje litakhala ngati mfumu pabwalo. Chitundacho ndi munda wa munthu. Sitinaiwale zimene zinachitika mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu n'kutaya miyoyo chifukwa chongoganiziridwa. Mlendo woyenda kusanache ndi chida chowala m'manja sayenera kudalira mwayi. Tinayamba taonekera kwa amfumu, kenaka kwa mwini munda, mkulu wina wa mpingo wa Adventist. Atamva kuti tikufuna kumabwera kudzadikira dzuwa, sanadabwe. "Ifenso Lachisanu lililonse timaliyang'ana mpaka lilowe, pakuti Sabata limayambira pamenepo," anatero. "Inu dikirani lotuluka, ife tidikira lolowa. Chimanga ndakolola kale, koma nandolo musandipondere."

Chimene ojambula amachitcha kuwala kwabwino si chinsinsi. Dzuwa likakhala m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kusiyana ndi masana. Mpweyawo umamwaza mtundu wa buluu, n'kusiya wofiira ndi wachikasu kuti utifike. Komanso kuwalako kumabwera cham'mbali, kotero chitunda chilichonse chimakhala ndi mbali yowala ndi mbali yamthunzi, ndipo dziko limaoneka mmene Mlengi analiumbira. Vuto ndi lakuti kuno kwathu, kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, dzuwa silizengereza. Limakwera chilili, ndipo kufiira kumene a ku Ulaya amakhala nako nthawi yaitali ife timapatsidwa kwa mphindi zowerengeka. Tikamaphunzitsa za kuwala m'kalasi timakonda kutchula Ibn al-Haytham, Msilamu wobadwira ku Basra cha m'ma 965, amene ali ku Cairo analemba buku la Kitab al-Manazir. Iye anaonetsa kuti diso silitulutsa kuwala monga ambiri ankakhulupirira, koma limalandira kochokera kunja, ndipo anayesa zimenezi ndi chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi, kholo la kamera iliyonse. Mawu amenewa takhala tikuwalemba pa bolodi zaka zambiri. Pachitunda paja m'pamene tinamva kulemera kwake, kuti diso ndi wopemphapempha: silingaitanitse, limangotambasula dzanja.

Zida zathu zinali zochepa. Tinamanga nsungwi zitatu ndi mphira wa chubu kuti foni iziima yosagwedezeka, chifukwa kukakhala kamdima kamera imatsegula diso nthawi yotalikirapo, ndipo dzanja lonjenjemera ndi chisanu limapaka zonse. Mwana uja anatiphunzitsa kutchera foni kuti izijambula yokha pakatha masekondi atatu, kupukuta mame padiso lake ndi nsonga ya mpango, ndiponso kugunda pa sikirini pamene pali powala kwambiri n'kutsitsa kuwalako. Foni ikasiyidwa kuti iganize yokha imadana ndi mdima: imayeretsa kucha kuti kufanane ndi masana, n'kupha chinthu chomwecho chimene munthu wadzukira.

Kenaka chiperoni chinabwera. Abale athu a kunyanja, inu mumaudziwa mwera, mphepo ija imene imatsekera mabwato pagombe m'miyezi yozizira. Kuno mphepo ya kummwera chakum'mawa imafika itanyamula chinyezi cha kunyanja yamchere, ndipo ikagunda mapiri imasanduka mvula yowaza ndi chifunga chosatha masiku atatu, anayi, pena sabata yathunthu. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene chimadzera. Tiyi amakondwa nacho, pakuti ndicho chimamunyowetsa mvula ikatha. Wojambula sakondwa nacho. Maulendo 11 tinakwera chitunda chija, ndipo maulendo 11 tinaima m'kati mwa thonje lonyowa, osaona ngakhale mtengo wa mango umene uli pamapazi khumi.

Pali mawu amodzi amene anatisokoneza titangofika kuno. Kwathu munthu akati "nkhungu" timathamangira kugombe kukaona utsi wakuda uja ukufuka pakati pa nyanja, tizilombo touluka tosawerengeka timene amayi amatikola ndi madengu n'kuumba ndiwo. Kuno nkhungu ndi chifunga. Kwathu nkhungu imadyedwa. Kuno ndiyo imadya phiri.

Lachisanu lililonse Agogo ankafunsa, ndipo Lachisanu lililonse tinkayankha kuti kunja sikunalole. Tinkayembekezera kuti atopa nafe, koma iwo ndiwo ankatimvetsa kuposa aliyense. Unyamata wawo wonse anali siginala, munthu uja amene amapalasa bwato usiku ndi nyali zopopa kukaitana usipa kuti ukwere pamwamba, anzake a chilimira asanauzinge. Ntchito imeneyo imafuna mdima. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, usipa sulabadira nyali, ndipo asodzi amakhala pagombe kusoka maukonde. "Ine ndinadikira mdima zaka 30," anatiuza. "Inu mwadikira kuwala masabata anayi, mwayamba kale kulira? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tinaseka, koma titadula foni sitinasekenso. Nkhono ili nayo nthawi. Ife tinkadziwa kuti Ogasiti akalowa anthu amayamba kutentha tchire, utsi ndi fumbi zimaphimba zigwa mpaka mvula yoyamba, ndipo phiri la Mulanje lomwe limasowa. Tinkadziwanso kuti nkhungu ya m'maso mwa Agogo ilibe tsiku loyera.

Sitinganame kuti masabata amenewo anangotayika. Kwa zaka zambiri nthawi ya Swala takhala tikuiwerenga papepala lopachikidwa kukhoma ndi pa foni, ndipo kuno kumene Asilamu tili ochepa, adhana siifika pakhomo pathu. Tinali titaiwala kuti nthawi zisanu zija zinalembedwa kuthambo zisanalembedwe papepala. Ku madrasa anatiphunzitsa kuti kucha kuli pawiri: kwabodza, kumene kumaima chilili ngati mchira wa nkhandwe kenaka n'kuzilala, ndi koona, kumene kumayala m'mbali m'munsi mwa thambo. Koyambako sikuloleza Swala ya Fajr ndipo sikuletsa wosala kudya daku. Kwachiwiriko ndiko kumatero. Tinaloweza zimenezi tili ana poopa mkwapulo wa mwalimu. Tsopano, imvi zitayamba, tinayamba kutuluka pabwalo kukayang'ana, mpaka kucha koona tinkakuzindikira ngakhale kuseri kwa chifunga, pakuti mdima umayamba kupepuka m'munsi, mitengo n'kumabwerera m'malo mwake umodziumodzi.

Dongosolo lathu linali losavuta. M'miyezi yozizirayi Fajr imalowa 5 koloko isanakwane, ndipo dzuwa limatuluka 6 koloko itangodutsa. Pakati pake pali nthawi yokwanira kuswali kunyumba mosathamanga, kumwa tiyi, ndi kukwera chitunda kufiira kusanayambe.

Tsiku limene dongosololi linasweka ndi tsiku limene kumwamba kunayera. Linali Lachiwiri la sabata yachitatu ya Julaye. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Foni yojambulira tinali titaizimitsa posunga batire, ndipo inayo, imene imatidzutsa, inathera moto usiku. Amene anatidzutsa ndi tambala wa anansi. Titasuzumira panja, nyenyezi zinali kuzilala pathambo loyera ngati lotsukidwa, kopanda ndi kamphepo komwe, chisanu chikulasa m'mafupa. Wotchi inati 5:25. Pamenepo tinachita chinthu chimene sitichinyadira. Tinachita wudhu mothamanga, ndipo m'malo moyala mkeka pomwepo tinati tikaswalira komweko. Mayi a ana anatiyang'ana osanena kanthu, iwo n'kuyala wawo.

Tinafika pamwamba tili wefuwefu, ndipo tinaima kakasi. Chifunga chimene chinatizunza masabata 6 chinali chitatsika n'kugona m'chigwa cha Ruo, chosalala, chathyathyathya, kuchokera kumapazi athu mpaka ku Mozambique. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo nthaka imataya kutentha, mpweya wozizira umatsetserekera kumunsi monga madzi, chinyezi n'kuundana momwemo. Izi timazidziwa ndipo timaziphunzitsa. Koma chimene chinali patsogolo pathu chinali nyanja. Nsonga za zitunda zinatuluka ngati zilumba, Mulanje anali tsidya lija, ndipo pamwamba pa zonse thambo linali litapsa, lofiira ngati makala a m'mbaula, kufiirako n'kumadziyang'anira panyanja yoyerayo monga momwe kumachitira pagombe la kwathu kukakhala bata. Zaka zinayi tili ku Thekerani, m'mawa umenewo tinamva fungo la usipa pathandala.

Manja anali kale pansungwi pamene mwana anati, motsitsa mawu, "Ababa, sitinaswali."

Wotchi inati 5:57. Dzuwa likangotulutsa nsonga nthawi ya Fajr yatha, ndipo kufiira kuja kunali ndi mphindi zochepa kuposa zathu. Foni inali chizimire. Kuiyatsa, kuimanga pansungwi, kuitchera, kupukuta mame, kuyesa kawiri katatu: timadzidziwa tokha, tikanangoti "chimodzi chokha" mpaka dzuwa litatiwomba pamphumi. Mumtima munabwera mawu okoma kwambiri, akuti chithunzichi n'cha kholo, ndipo kusangalatsa kholo ndi ibada. Shaitani sabwera ndi mawu onyansa kwa munthu amene anapitako ku madrasa.

Tinayala chitenje paudzu wonyowa. Qibla ya kuno ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, kotero nyanja yathu yonse inatsala kudzanja lamanja, kumene diso silifika koma tsaya limamva. Tinawerenga ma surah aafupi, ndipo sitinganene kuti mtima wonse unali pamalo pake. Allah ndiye akudziwa gawo limene analandira. Pa sijida mphumi inakhudza nthaka yozizira ya munda wa eni. Popereka salamu yoyamba, nkhope inatembenukira kumanja monga mwa lamulo lake, n'kukumana ndi kum'mawa. Kufiira kunali kutapita. Panatsala chikasu chofewa, chifunga chili mbee, ndi kamzere ka moto pamwamba pa mapiri a ku Mozambique pamene dzuwa linali pafupi kuboola.

Tinajambula zithunzi 9 dzuwa lisanatenthe chifungacho n'kuchibalalitsa. Mwana sanalankhule njira yonse yobwerera. Pafupi ndi nyumba anati, "Chofiira chija chikanakhala chabwino kwambiri," ndipo sitinamutsutse, pakuti zinali zoona. Tinakweranso chitundacho maulendo anayi sukulu zisanatsekere. Nyanja ija sinabwerenso.

Tinasankha chimodzi n'kukachitsukitsa ku Limbe papepala lalikulu ngati tsamba la nyuzipepala, ndipo tinapempha mnyamata wa pa situdiyo kuti asawonjezere mitundu, ngakhale iye anaumirira kuti kompyuta ikhoza kubwezeretsa kufiira kumene tinam'fotokozera. Chinayenda pa basi chitatsekeredwa pakati pa makatoni awiri, kudzera ku Balaka ndi ku Salima, mwana atachifungatira ngati khanda.

Agogo anachilandira m'mawa mwake pakhonde, msana atalozetsa kudzuwa monga tinawalangizira. Anachiyandikitsa mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda pepala, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja kuti chidutse pa kachigawo ka diso kamene kakuonabe. Kumbuyo kwawo nyanja yeniyeni inali kuswa mafunde a mwera pamchenga. Panapita nthawi yaitali.

"Munandiuza kuti kumeneko kulibe nyanja," anatero.

"Ndi nkhungu, Agogo. Chifunga."

"Ndaona. Kuli bata." Chala chawo chinayenda pamzere wachikasu uja. "Koma apa munachedwa. Kukacha chonchi, kumayamba kwafiira. Kufiirako kuli kuti?"

Tinayang'anana. Mwana ndiye anayankha, ndipo anafotokoza zonse, za tambala, za wudhu wothamanga, za chitenje paudzu, osasiyapo ngakhale zimene ife tikanakonda kuti asiye. Agogo anamvetsera mutu uli pansi. Sanatiyamikire ndipo sanatidzudzule. Anangoti chithunzicho chikapachikidwe kuchipinda kwawo, kukhoma la kumadzulo kumene dzuwa la m'mawa limafika, osati la ku Qibla, kuti chisamawasokoneze poswali.

Kenaka anachikwezanso kumaso, n'kuloza kachilumba kamodzi pakati pa zoyerazo.

"Nanga m'nyanja yanuyi mumapha chiyani?"

"Nandolo, Agogo," anatero mwana uja, "ndi chimfine."